Biziweki Abwereka Mawu a Apongozi

Sendezani mipando kuno, utsi ukupita uko. Nkhani iyi si ya kalekale ayi, ndi ya masiku omwe ano a mafoni ndi magetsi othimathima, ndipo mwini wake akadali moyo. Mukafika pa Mponela mukhoza kumuona, koma musayembekezere kuti akuyankhani moni.

Dzina lake ndi Biziweki, ndipo ntchito yake inali yotanthauzira mafilimu. Amene munakhalapo pa benchi ya vidiyo sho mukuidziwa ntchitoyi. Filimu imabwera m'chilankhulo cha eni ake, kaya Chingerezi kaya Chitchaina, ndiye munthu amakhala pansi ndi laputopu ndi maikolofoni n'kumalankhulira aliyense wa m'filimumo m'Chichewa: mfumu, wakuba, mtsikana, ngakhale galu akauwa amamuuwira. Chingerezi Biziweki ankachidziwa cha pamwambamwamba, Chitchaina osanena n'komwe, koma pakamwa pokha Mulungu anamudalitsa. Akamva munthu akulankhula kawiri, kachitatu mawuwo amakhala ake. Ankajambulira m'kachipinda kuseri kwa shopu yometera, momwe anakhoma makatoni a mazira m'makoma monse kuti phokoso la msika lisalowe.

Lolemba lina a Chikadza, mwini vidiyo sho ya pafupi ndi depoti, anamubweretsera filimu pa memori khadi.

"Iyi ndi ya mizimu, achimwene," anatero a Chikadza. "Anthu atopa nazo zibakera, akufuna zoopsa. Pofika Lachisanu ikhale itapsa."

Biziweki anaionera yonse masana omwewo, chitseko chotseka, mahedifoni ali m'makutu. Banja la azungu, bambo, mayi ndi ana awiri, lasamukira m'chinyumba chakale pakati pa nkhalango. Chabwino. Chitseko chatseguka chokha. Chabwino. Bambo wadzuka, watseka, wabwerera kukagona. Mawa lake chatsegukanso, watsekanso. Mpando wagwedezeka popanda munthu, mayi wauyang'ana mphindi zitatu zathunthu, kenako wapita kukatsuka mbale. Ola linatha chonchi. Palibe anaitana akulu a mpingo, palibe anakafunsa anthu kuti kodi muno munkakhala ndani, palibe ngakhale anaganiza zomanga katundu. Bamboyo, munthu wa ndevu zake, ntchito inali kungotsikira kuchipinda chapansi ndi tochi yofooka mabatire n'kumafunsa mdima ngati muli munthu. Mzimu womwe unadzaonekera kumapeto, aliyense atatopa kale: chinthu chovala nsalu yoyera, tsitsi losapesa, chongoima pakona ngati mwana wolangidwa kusukulu. Sunanene kanthu. Filimu inathera pomwepo, maina n'kuyamba kukwera.

"Basi?" Biziweki anafunsa laputopu. "Zoona basi?"

Chimene chinamupweteka kwambiri ndi bata. Wotanthauzira amagwira ntchito pamene anthu akulankhula, koma awa ankangoyang'anana ndi kupuma mwamphamvu. Lachiwiri lonse anayesa izi ndi izo. Anapatsa mzimu chimawu chachikulu cha m'mimba, chinamveka ngati munthu wogwidwa ndi chimfine. Anayesa kuimba nyimbo ya maliro pansipansi, anaseka yekha. Dzuwa litapendeka anaimbira foni a Chikadza.

"Bwana, filimu iyi ndi madzi enieni. Mulibe kanthu. Anthu adzagona pa benchi."

"Nanga ntchito yanu ndi chiyani?" anayankha a Chikadza. "Muithire mchere inuyo. Ngati zakukanikani mundiuze, ku Lilongwe kuli anyamata amatha."

Mawu amenewo anamulowa ngati minga. Anapita kunyumba akutukwana azungu aja njira yonse, makamaka bambo wa tochi.

Tsopano kuti mumve chimene chinachitika Lachitatu, ndikuuzeni kaye za kunyumba kwake. Biziweki anali mkamwini. Ankakhala kumudzi kwa mkazi wake Esinala, mtunda wa theka la ola pa njinga, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi, Mwandida. Biziweki ankamukonda Esinala, ichi ndinene poyera. Anali mwamuna wa pakamwa, koma akafika pakhomo ankafewa, ndipo chakudya chosadyera pamodzi ndi mkazi wake sichinkamukomera.

Kuseri kwa mpanda wa udzu kunali nyumba ya apongozi ake, a Nangondo, amene anagulitsa thobwa pamsika wa Mponela zaka makumi awiri. A Nangondo anali a mwambo wakale wouma. Zaka zisanu ndi chimodzi Biziweki anakhala pamudzipo osawayang'ana kumaso ngakhale kamodzi. Akakumana panjira, mayiwo ankapatukira pa udzu, n'kugwada atafulatira, iyenso n'kupatukira mbali ina atayang'ana pansi. Sanadyerepo pamodzi. Sanalankhulanepo mwachindunji. Akakhala ndi mawu, a Nangondo ankaima kuseri kwa mpanda, n'kutsokomola kawiri kachifuwa kouma, khe-khe, kenako n'kulankhula kwa mwana wawo mokweza bwino kuti mkamwini amve. Dzina lake sankalitchula. Ankamutcha alendo.

"Esinala, uwauze alendowo kuti chitseko chimatsekedwa."

"Esinala, uwauze alendowo kuti nkhuku zadya mbewu iwo ali pomwepo."

Choncho nkhope ya apongozi ake Biziweki sankaidziwa bwino. Akanakumana nawo ku Lilongwe akanawapitirira. Koma mawu awo ankawadziwa kuposa a mayi ake omubereka, chifukwa anali atawamva m'mawa uliwonse kudzera mu udzu. A Nangondo anamwalira miyezi isanu ndi itatu nkhaniyi isanachitike, ndipo Esinala anali asanazolowere. Nthawi zina ankapezeka ataima pampanda paja ndi mbale m'manja, osadziwa chimene wabwerera.

Lachitatu m'mawa Biziweki anabwereranso pa filimu ija mutu ukuwawa. Anafika pamene bambo wa tochi akulowa m'nyumba ndi nsapato zamatope, n'kuponda pansi popukuta bwino, kamera n'kutsalira pa khonde lopanda munthu kwa nthawi yaitali yopanda ntchito. Biziweki anayang'ana matope aja, anayang'ana khonde lopanda munthu, ndipo chifukwa cha kunyansidwa chabe, osaganiza, anatsokomola kawiri pa maikolofoni.

"Khe-khe. Uwauze alendowo kuti muno sitilowa ndi nsapato."

Anaimitsa. Anabweza m'mbuyo n'kumvetsera. Tsitsi linamuima. Mawuwo anakwana pa bata lija ngati chivindikiro pa poto wake. Kamera itabwerera mkati, mayi wachizungu uja anatembenuka pa nthawi yake yeniyeni, ngati wamvadi.

Ankadziwa kuti n'zolakwika. Musaganize kuti sankadziwa. Munthu amene sunamuyang'ane kumaso chifukwa cha ulemu, sungatenge mawu ake n'kukawaika pa sipika, ali moyo kapena atapita. Anadziuza kuti angoyesa pamalo amodzi kenako afufuta. Koma pamalo achiwiri zinakomanso, pachitatu chimodzimodzi. Uwauze alendowo kuti mwamuna sazungulira kukhitchini. Uwauze alendowo kuti ana awo alibe mwambo. Uwauze alendowo kuti mpando umenewo uli ndi mwini wake. Anadzaza bata lonse la filimu ija ndi apongozi ake, ndipo ntchito imene inamukanika masiku awiri inatha dzuwa lisanafike pamutu. Sanavutike kufuna mawuwo. Ankangotsegula pakamwa.

Atavula mahedifoni anamva kukoma kwa thobwa wa mawere m'kamwa, kotsekemera pang'ono, kowawasa kumapeto. Thobwa anali asanamwe chimwalirireni mayiwo. Analavula panja n'kugula chimanga chootcha kuti achotse.

Lachisanu masana vidiyo sho inadzaza. Biziweki anaima kumbuyo mumdima wa m'chisakasamo kuti aone anthu akuchita mantha. Mzimu utatsokomola koyamba, holo yonse inati zii. Mtima wake unadumpha, akuti eya, zagwira. Kenako mayi wina wogulitsa mandasi anati, "Aka, si a Nangondo awa?" Ndipo anthu anagwa ndi phwete. Anaseka mpaka kumenya mabenchi. Ena ankamalizira mawu mzimu usanamalize. Palibe ngakhale mmodzi anachita mantha. Bambo wa tochi akatsikira pansi, anthu ankamulangiza kuti avule kaye nsapato.

"Mwaiphatu," anatero a Chikadza akumugwira phewa. "Ndinapempha zoopsa, mwandipatsa nthabwala, koma anthu abwera. Ndiionetsa katatu pa tsiku."

Biziweki anatuluka osasangalala. Anachita chinthu choipa kuti aopseze anthu, ndipo ngakhale kuopsezako sikunatheke.

Loweruka m'mawa anadzuka osapeza nsapato zake pansi pa bedi pamene ankazisiya. Anazipeza panja pa khomo, zitaikidwa bwinobwino, zogundana zidendene, zala zitaloza kumsewu.

"Mayi a Mwandi, mwatulutsa ndinu nsapato zanga?"

"Ine ayi," anatero Esinala akukoleza moto. "Mwina munavulira komweko."

Lamulungu anazibisa m'thumba n'kupachika pa msomali. M'mawa mwake zinali panja, pamalo omwe aja, zitaloza kumsewu. Anakalipira mwana, mwana analira, Esinala anamuyang'ana modabwa. Mwandida sakanafikira msomali umene uja ngakhale atakwera pa mtondo.

Lolemba limenelo Esinala anapita kumsika ndi beseni la tomato pamutu. Mukudziwa mmene vidiyo sho imaikira chisipika panja kuti odutsa amve zimene akuphonya. Esinala ankadutsa pa depoti, maganizo ali kwina, pamene pamwamba pa phokoso la maminibasi panamveka kachifuwa kouma, khe-khe. Anaima. Kenako mawu a mayi ake, okwera kuposa mmene analankhulirapo ali moyo, anadzaza msewu wonse: uwauze alendowo kuti chitseko chimatsekedwa. M'chisakasa anthu anaseka. Amene anaona amati sanakuwe, sanalire. Anangotula beseni pansi pang'onopang'ono, n'kuima pomwepo mpaka filimu inatha, ola ndi theka pa dzuwa, akumvetsera. Tomato sanagulitse.

Biziweki atafika madzulo anamupeza atakhala pa khonde, manja ali pa miyendo.

"Bambo a Mwandi, khalani pansi."

Anakhala.

"Amayi anakulakwirani chiyani?"

"Sanandilakwire. Filimu ija inali yopanda kanthu, ndiye ndinangoti..."

"Munda umene mukudyawu anakupatsani ndi iwo. Njerwa za nyumba iyi madzi ake anatunga ndi iwo, ndi msana wawo wopweteka uja. Anakulemekezani zaka zonsezi, osakuyang'anani n'kumaso komwe. Lero anthu oledzera akuwaseka pa depoti." Mawu ake sanakwere, ndipo n'chimene chinamuopsa. "Muwatulutse amayi m'menemo. Pofika Lamulungu asamveke paliponse. Zikakanika ndiitana amalume, mutenge zanu mubwerere kwanu ku Ntchisi. Sindikuopsezani."

Biziweki anadziwa kuti sakumuopsezadi. Mkamwini alibe mizu pamudzi. Ankhoswe akakhala pansi n'kunena kuti basi, amanyamula chikwama ndi njinga, mkazi ndi mwana n'kutsala.

Lachiwiri analawirira kwa a Chikadza. Anawapempha, anawagwira mwendo, anawalonjeza kuwatanthauzira ulere mafilimu atatu a zibakera. A Chikadza anamvetsa, poti nawonso ali ndi apongozi, ndipo anafufuta yawo iye akuona. Koma anakanda m'mutu.

"Vuto ndi loti, achimwene, ndinapatsako mnyamata wothira nyimbo m'mafoni uja. Mukudziwa mmene zimayendera."

Wothira nyimbo anali atathirira anthu osawerengeka. Wina anapita nayo ku Madisi. Wina anapatsa dalaivala wa basi ya ku Kasungu, amene ankaionetsa kwa apaulendo. Biziweki anapalasa njinga masiku awiri, shopu ndi shopu, kupempha anthu osawadziwa kuti afufute. Ena ankavomera n'kumaseka. Ena ankati alibe, koma akangotembenuka ankamva khe-khe kuchokera m'thumba mwawo. Kondakitala wina anamuzindikira n'kumupempha kuti atsokomoleko kamodzi anzake amve. Biziweki anatsala pang'ono kumumenya. Ankafufuta imodzi, zinayi zitabadwa kale kwina, ndipo zonsezi chifukwa cha filimu yoti ngakhale eni ake sakanaionera kawiri.

Lachinayi masana anadzitsekera m'kachipinda kake. Anaganiza zopanga ina yoyera, yopanda a Nangondo, n'kuigawa ulere kuti mwina ingaphimbe yoyambayo. Anafufuta mawu onse a mzimu, limodzi ndi limodzi, mpaka mzere wa mawu pa laputopu unagona fulati. Kenako anabweza poyambira kuti amvetsere. Bambo wa tochi analowa ndi matope ake. Kamera inatsalira pa khonde. Bata.

Khe-khe.

Anayang'ana mzere uja. Unali fulati, palibe kanthu. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuwaika patebulo. Makina ometera ankalira kutsogolo, wailesi ya wina inkaimba kutali. Ndiye zinamvekanso, osati m'mahedifoni, koma kuseri kwa khoma la makatoni, chapafupi, pa msinkhu wa munthu wamfupi woimirira. Mmene zinkamvekera kudzera mu udzu wa mpanda.

Anakhala nthawi yaitali asanalimbe mtima. Atatuluka n'kuzungulira kuseri anapeza mbuzi ziwiri ndi mulu wa tsitsi lometedwa. Atabwerera mkati anafuna kupachika mahedifoni pa msomali wake, koma pa msomalipo panali kale chinthu. Chinali chikho chotungira thobwa, chakuda ndi ukalamba, chosokedwa ndi waya pomwe chinang'aluka. Ankachidziwa. Chimwalirireni mwini wake chinkakhala chotsomekedwa pa denga la khonde la nyumba yotseka ija kuseri kwa mpanda. Anachigwira ndi chala. Mkati munali monyowa.

Anatseka msanga n'kukwera njinga dzuwa likadalipo. Njira ya kumudzi imadutsa pakati pa minda, ndipo nthawi imeneyo chimanga chinali chitakololedwa, kwatsala mapesi ndi udzu wautali wouma. Atatsika kachitunda anaona mayi akubwera kutsogolo kwake, wamfupi, ndowa yophimbidwa ndi nsalu ili pamutu. Sanaganize kanthu, njira ndi ya aliyense. Koma atatsala mapazi ngati makumi atatu, mayiyo anapatuka. Analowa mu udzu, anatula ndowa, anagwada atafulatira.

Masiku ano ndani amachita zimenezo? Pa mudzi wonse uja munthu mmodzi yekha ndiye ankamupatukira chotero. Mutu wa Biziweki unkati palasa, thawa, koma thupi linali ndi chizolowezi chake cha zaka zisanu ndi chimodzi. Anapezeka watsika njinga, wapatukira mbali inayo, waima mu udzu maso ali pansi, chipewa chili m'manja. Anadikira kuti mayiyo adutse. Mayiyo anadikira kuti iye adutse. Ankamva nyerere zikukwera m'miyendo, ankamva fungo la mawere owira, koma kukweza maso sakanatha. Sanali mantha okha. Munthu suyang'ana apongozi.

Sadziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Pamene anasuzumira ndi ngodya ya diso, panalibe munthu, panalibe ndowa. Udzu wokha pamalo paja unkadzuka pang'onopang'ono, umodzi umodzi.

Anakweranso njinga n'kukafika kunyumba. Esinala anamuikira chakudya n'kukadyera kukhitchini.

Lachisanu a Chikadza anamutumizira imodzi mwa mafilimu a zibakera aja. Biziweki anasangalala, akuti ntchito yodziwika imuchotsa maganizo. Chimphona cha dazi chinatulukira pa laputopu, chikuloza mdani wake ndi lupanga. Anakoka mpweya kuti atulutse chimawu chake cha zimphona, chimene ana a pa Mponela ankachitsanzira m'misewu. Chimene chinatuluka ndi mawu opyapyala, okalamba, onjenjemera kumapeto. Anamwa madzi, anayesanso. Anayesa mawu a mtsikana, a mfumu, a woledzera. Onse ankayamba bwino, koma pofika pakati pa chiganizo ankapindika n'kubwerera kumodzi komweko, ngati njinga yokhota foloko. Anayesa kutchula dzina lake lomwe ndi mawu ake enieni, ndipo anazindikira kuti sakukumbuka mmene mawu akewo ankamvekera. Munthu amene anasunga mawu a anthu mazana m'khosi, ake okha sanawasunge.

Loweruka anakhala pakhomo osalankhula, akuloza pakhosi ngati wadwala. Masana ludzu linamugwira, anaiwala, n'kuitana kuti amupatse madzi. Mawu awiri okha. Mwandida, amene ankasewera kuseri kwa nyumba, anatulukira akuthamanga, nkhope ikuwala.

"Agogo abwera?"

Anadutsa bambo ake osawayang'ana. Anasuzumira m'nyumba, anathamangira kumpanda, anaika diso pa mpata wa udzu. Kenako anabwerera pang'onopang'ono.

"Ababa, agogo apita kuti?"

Biziweki anangopukusa mutu. Esinala anali ataima pa khomo la khitchini ndi chipande m'manja. Anamva zonse, ndipo anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

Lamulungu linafika. Filimu inali ikumvekabe m'mafoni a anthu kuyambira Mponela mpaka Kasungu, ndipo amalume a Esinala ankayembekezeka akaweruka kutchalitchi. Nsapato zinali panja monga mwa masiku onse. Biziweki sanagone bwino, koma anali atakonza mawu ake. Sankafuna kudziteteza. Ankafuna kungonena kuti ndinalakwa, ndayesetsa, musandichotse, popanda inu ndilibe kopita. Mawu ochepa chonchi, anaganiza, angathe kuwakankha ndi mphamvu mpaka atuluke ali ake.

Anapeza Esinala akupeta mpunga pa mphasa. Anagwada patsogolo pake, chinthu chimene anali asanachitepo. Anameza malovu, anagwira pakhosi ndi dzanja, anatsegula pakamwa.

"Khe-khe. Esinala, mwana wanga, wawonda."

Anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Sizimene anakonza. Lichero linapendekeka pa miyendo ya Esinala, mpunga n'kumayoyokera pa mphasa, iye osauona. Biziweki anadikira kuti akuwe, kapena amumenye ndi licherolo pomuganizira kuti akuchita dala. Koma Esinala sanachite mantha ndipo sanakwiye. Misozi inatsika yokha, ndipo nkhope yake inafewa mmene inali isanafewere miyezi isanu ndi itatu.

"Ndikudya, amayi," anatero chapansipansi. "Kungoti chakudya sichikulowa."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anadzuka, n'kutuma uthenga kwa amalume ake kuti asavutike kubwera, nkhani yatha. Biziweki atamva zimenezo mtima unatsika, ndipo akanakhala ndi mawu akanathokoza. Anakhala pa khonde akuyang'ana mkazi wake akutenga tsache ndi kiyi, n'kuzungulira kuseri kwa mpanda. Anamva loko akutseguka, anamva kusesa. Kenako Esinala anabwerera, analowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka ndi bulangete la Biziweki, chikwama chake ndi malaya ake a tchalitchi. Nsapato anazitola pakhomo pomwe zinali.

"Simuchoka pamudzi pano," anatero osamuyang'ana kumaso. "Sindingakuthamangitseni muli nawo. Koma m'chipinda mwanga simungagonemo. Mwamuna wolankhula ndi pakamwa pa amayi, ine ndingagone naye bwanji? Ndakuyalirani uko. Chakudya ndizikubweretserani."

Anafuna kukana. Anafuna kunena kuti ndine, Biziweki, mwamuna wako, bambo wa mwana uyu. Koma akanakana ndi mawu a ndani? Anadzuka n'kumutsatira. Chikho chija anachipeza chitabwerera kale pamalo pake, pa denga la khonde. M'mawa mwake nsapato zinali mkati, pamene anazivulira.

Filimu ija anthu anatopa nayo patangotha milungu iwiri. Kunabwera ina ya ndege zophulika, ndipo ya mizimu anaifufuta okha kuti apeze malo m'mafoni. Palibe amene anaiopa ngakhale tsiku limodzi. A Chikadza tsopano amatenga mafilimu kwa anyamata a ku Lilongwe, ndipo m'kachipinda ka makatoni muja ometa amasungiramo njinga.

Biziweki amalima, amatunga madzi, amakonza mpanda ukagwa. Salankhula ndi munthu. Masana Esinala amamupatsa ulemu wonse, amamugwadira pomupatsa mbale, koma samuyang'ana kumaso ndipo sakhala pafupi. Pokhapokha ntchito zikatha, dzuwa likamalowa, amabwera ndi mphasa n'kuyala kumbali yake ya mpanda, Mwandida ali pa miyendo, n'kutsamira udzu.

"Muli chete bwanji lero?" amafunsa.

Masiku oyamba Biziweki ankaluma mano n'kukhala duu, akuti mwina akawamana mpata mawuwo atopa n'kuchoka. Esinala ankadikira pang'ono, kenako n'kupinda mphasa n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutsekeka. Anapirira masiku anayi. Lachisanu lake anakhala kuseri kwa mpanda akumva kutentha kwa msana wa mkazi wake kudzera mu udzu, pafupi kwambiri moti akanatha kumukhudza ndi chala. Anamva mphasa ikuyamba kupindidwa.

Anatseka maso, n'kutsokomola kawiri.